Chakhumi ndichotse pa ndalama ziti, nanga nthawi ya kumpingo ndiigawe bwanji?

Funso

Ndine mayi wapabanja, ndimachita bizinesi yogula ndi kugulitsa, amuna anga ali pa ntchito ya malipiro a pamwezi. Tili ndi ngongole, komanso tikusamala apongozi anga omwe akudwaladwala. Kumpingo amatiphunzitsa za chakhumi, koma palinso chopereka cha sabata ndi sabata, thumba la zomangamanga ndi zina zadzidzidzi. Miyezi ina ndimapereka mpaka mpamba kugwa, ina sindipereka kanthu n'kumadzimva wakuba. Chaka chino andiikanso m'makomiti atatu, imodzi ya zachuma, ndipo kunyumba ayamba kudandaula. Ndithandizeni.

Yankho

Mayi, mtima wopereka muli nawo, chifukwa munthu woumira sangadandaule kuti mpamba wathera m'mbale ya chopereka. Chikusowa ndi dongosolo. Mukupereka malinga ndi mmene ulaliki wa tsikulo wakukhudzirani komanso zomwe zapezeka m'chikwama, ndiye mwezi wina mumapyola muyeso, wina mumabisala. Ukapitawo womwe timaumva kumpingowu ndi kuyang'anira chuma cha mwini wake. Salimo 24:1 likuti dziko ndi zonse za m'menemo ndi za Yehova, ndipo 1 Akorinto 4:2 akuti chofunika kwa mdindo ndi kukhulupirika. Kapitawo wokhulupirika amadziwa zomwe zalowa, zomwe zatuluka ndi zomwe zatsala. Choncho mpamba wanu, ngongole, mankhwala a apongozi ndi envulopu ya kutchalitchi zonse zili m'buku limodzi, ndipo Mwini wake ndi mmodzi.

Tiyambe ndi chakhumicho, poti ndi chimene chikukusowetsani tulo. M'Chilamulo cha Mose chakhumi chinali cha zokolola ndi ziweto. Levitiko 27:30-32 akutchula mbewu za m'munda, zipatso za mitengo, ndi chiweto chakhumi chilichonse chodutsa pansi pa ndodo ya mbusa powerenga. Pa Numeri 18:21-28 chakhumicho chikuperekedwa kwa Alevi chifukwa iwo sanalandire dziko ngati mafuko enawo, ndipo nawonso ankachotsapo chakhumi chawo n'kupereka kwa ansembe. Deuteronomo 14:22-29 akutchulanso ziwiri zomwe sitizimva kawirikawiri pa guwa: chakhumi chimene banja linkadya lokha pamaso pa Mulungu kumalo opembedzera, ndi cha chaka chachitatu chilichonse chimene chinkasungidwa m'mudzi kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye adye. Cholinga n'choonekeratu: otumikira asasowe, osauka asagone ndi njala. Zikapanda kuchitika, zotsatira zake zili pa Nehemiya 13:10, pomwe Alevi ndi oyimba anabwerera kuminda kwawo chifukwa magawo awo sankaperekedwa, nyumba ya Mulungu n'kusiyidwa. Mawu a pa Malaki 3:8-10 onena za kubera Mulungu, amene akukupangitsani kudzimva wakuba, ananenedwanso m'nyengo ya pambuyo pa ukapolo wa ku Babulo, ndipo ankadzudzula mtundu wonse womwe unkamana chakhumi ndi zopereka.

Yesu sanaletse chakhumi. Pa Mateyu 23:23 anadzudzula Afarisi chifukwa chochisamala mpaka timasamba ta m'dimba kwinaku atasiya chilungamo, chifundo ndi chikhulupiriro. Paulo naye, polembera Akorinto za thandizo la osauka a ku Yerusalemu, sanaike peresenti. Pa 1 Akorinto 16:2 akuti tsiku loyamba la sabata aliyense apatule kanthu malinga ndi mmene wapindulira, kuti pasadzakhale kusonkhetsa kwa phuma iye akafika. Pa 2 Akorinto 8:12-13 akuti chopereka chimalandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho, ndipo cholinga si chakuti ena apume inu musauke. Pa 9:7 akuti aliyense apereke monga anatsimikiza mumtima. Kutsimikiza kumachitika kunyumba, munthu asanavale n'komwe zopita kutchalitchi.

Lamulo lokakamiza chakhumi linabwera pambuyo. Msonkhano wa mabishopu wa ku Mâcon, m'dziko lomwe lero ndi France, m'chaka cha 585 unalamula kuti chiziperekedwa, ndipo Charlemagne, mfumu ya dera limenelo, anachisandutsa lamulo la boma m'chaka cha 779. Lero mipingo imasiyana. A Seventh-day Adventist amachitenga ngati udindo ndipo amachitumiza ku likulu la dera kuti chilipire abusa, pomwe zosowa za tchalitchi cha pamalopo zimachokera ku zopereka zina. Mpingo wa Katolika, pa lamulo 222 la malamulo ake, umati akhristu athandize zosowa za mpingo koma suika gawo la khumi. Mipingo yambiri ya chipentekoste imachiphunzitsa molimba. Dziwani bwino chiphunzitso cha mpingo wanu, poti ndi kumene munalonjeza kumvera. Maganizo athu ndi akuti gawo la khumi ndi muyeso wabwino: kwa wopeza bwino ndi poyambira chabe, kwa amene wapanikizika ndi pokafika.

Mmene mungawerengere

Apa ndi pamene anthu a bizinesi amadzivulaza. Chakhumi chimachoka pa phindu, osati pa ndalama zonse zomwe zadutsa m'manja. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Sabata ino mwagulitsa katundu n'kupeza 1,000. Katunduyo munaoda pa 760. Mayendedwe, malo ogulitsira ndi wokuthandizani zatenga 80. Phindu lanu ndi 160, ndipo chakhumi chake ndi 16. Mukachotsa pa 1,000 mupereka 100, kutanthauza kuti mwapereka kuposa theka la phindu lonse, kunyumba kwatsala 60. Poti banja silingakhale pa 60, mumatapa mu 760 muja, ndipo sabata yotsatira mumaoda katundu wochepa. Kutero miyezi itatu, mpamba wagwa, ndipo mpingo womwewo wataya munthu amene akanamapereka 16 sabata iliyonse kwa zaka zambiri.

Pali tinthu tina tomwe timasokoneza chiwerengero. Ngongole imene mwatenga si phindu, musaichotsere chakhumi. Munthu akakubwezerani zomwe munamukongoza, ndi ndalama zanu zakale zomwe zabwerera. Katundu amene wapita pa ngongole muwerengere tsiku limene ndalama zake zalowa. Koma katundu amene mwatenga pa bizinesi kukagwiritsa ntchito kunyumba ndi phindu ndithu, mulembe pa mtengo woodera. Ambiri amaiwala dala pamenepa. Sabata imene mwaluza palibe chochotsa, ndipo si ngongole kwa Mulungu yoti mudzabweze. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, madzulo mutatseka, muwerengere, muchotse gawolo n'kuliika pa lokha nthawi yomweyo. Ndalama yogona pamodzi ndi zinzake m'chikwama siifika tsiku lopembedza.

Pa malipiro a bambo, funso lodziwika ndi lakuti achotse msonkho usanadulidwe kapena utadulidwa. Malemba sagamula, ndipo akhristu okhulupirika ali mbali zonse ziwiri. Chofunika ndi kusadzinamiza. Msonkho ndi penshoni zimadulidwa mwalamulo, koma ngongole ya kuntchito kapena ndalama zomwe anatengeratu pakati pa mwezi ndi malipiro omwe adyedwa kale, ndiye siziyenera kuchepetsa chiwerengero. Sankhani njira imodzi, muitsate chaka chathunthu. Ndalama zomwe bambo akupatsani za pakhomo, ngati anachotsa kale, musachotsenso kachiwiri. Ndipo nkhaniyi muikambirane awiri, pepala lili patebulo. Chopereka chobisirana m'banja chimadzaululika tsiku la mavuto, ndipo amene amadedwa ndi mpingo.

Za ngongole tinena mosapsatira: musakongole kuti mupereke. Kaya wina walonjeza kuti mbewu yanu ibala kakhumi pofika kumapeto kwa mwezi, chiwongoladzanja sichidikira chozizwitsa, ndipo pa Machitidwe 8:20 Petro anadzudzula Simoni wamatsenga chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe ndi ndalama. Salimo 37:21 likuti woipa amakongola osabweza, Aroma 13:7-8 akuti perekani kwa onse mangawa awo. Kupititsa kuguwa ndalama imene munalonjeza kubweza lero ndi kupereka ya mwini wake. Komanso musadikire kuti ngongole zonse zithe kuti muyambe, chifukwa tsikulo limachedwa ndipo chizolowezi chimafa. Lembani ngongole zonse, iliyonse ndi chiwongoladzanja chake ndi tsiku lobweza. Mukachotsa zobweza ndi zofunika pakhomo, onani gawo limene mungalisunge miyezi 6 osadumphitsa, kaya ndi 3 kapena 5 pa 100 iliyonse. Ngongole imodzi ikatha, theka la ndalama zomwe munkabweza lipite ku ngongole yotsatira, theka likweze chopereka, mpaka mufike pa 10. Ngati chikumbumtima chanu ndi mpingo wanu zikuti chakhumi chikhale chathunthu zivute zitani, chisungeni, koma imitsani kaye malonjezo ena onse, ndipo muwauze abusa kapena mkulu wa mpingo mmene zinthu zilili.

Apongozi anu asakhale mbali yoluza. Pa Marko 7:9-13 Yesu anadzudzula anthu omwe ankati chuma chawo ndi Korban, choperekedwa kwa Mulungu, pofuna kuzemba kusamala makolo. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo akuti wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro, ndipo ndime 16 ikuti wokhulupirira asamale amasiye a kwawo kuti mpingo usalemedwe. Mankhwala a apongozi ndi udindo wanu pamaso pa Mulungu. Chokhacho, musawatche chakhumi. Akhale ndi mzere wawo m'buku. Ena adzakukumbutsani za mayi wamasiye wa pa Marko 12:41-44 amene anaponya tindalama tiwiri, zonse zomwe anali nazo. Yesu anamuyamikira, zoona. Koma werenganinso ndime 40, pomwe akudzudzula alembi olusira nyumba za akazi amasiye. Nkhaniyi si chikwapu choti atsogoleri azifinyira nacho osauka.

Zopereka zinazo zichokere m'thumba limodzi lomwe mwaliikira malire. Tinene kuti mwagwirizana 2 pa 100 iliyonse pamwamba pa chakhumi: theka likhale la sabata ndi sabata, theka linalo muligawe pakati pa zomangamanga ndi zadzidzidzi. Thumba likatha, latha, muyankhe mwaulemu kuti mwezi uno simukwanitsa. Lonjezo la zomangamanga musalipange mutaimirira pagulu, m'manja mukuombedwa. Tengani fomu, mukagone nayo, muwerengere monga Luka 14:28 akunenera za womanga nsanja. Mlaliki 5:5 akuti kusalonjeza kuli bwino kuposa kulonjeza osachita, ndipo chifukwa chake chimaoneka ndi maso: komiti imalemba ntchito mmisiri podalira malonjezo, ndalama osabwera, makoma n'kukhala zaka opanda denga mvula ikuwawononga. Mukatumiza pa foni kapena kubanki, tumizani ku akaunti ya mpingo, osati ku nambala ya munthu ngakhale akhale abusa, mulembe dzina ndi cholinga, ndipo musunge uthenga wotsimikizira.

Nthawi

Sabata ili ndi maola 168. Ena amati chakhumi chake, maola pafupifupi 17, chipite ku ntchito ya mpingo, koma palibe lemba lolamula zimenezo. Chitani izi: kwa masabata awiri lembani maola enieni omwe makomiti atatuwo akudya, kuphatikiza ulendo, kudikira ochedwa, mafoni ndi kukonzekera. Msonkhano wotchedwa wa maola awiri nthawi zambiri umadya theka la tsiku, ndipo kwa inu a bizinesi maola amenewo ndi ndalama zomwe simunagulitse. Mapemphero a tsiku lopembedza musawawerengere, amenewo ndi chakudya chanu.

Mapanga awiri avumbwitsa, nanji atatu. Yetero anauza Mose pa Eksodo 18:18 kuti adzalefuka iye pamodzi ndi anthu akapitiriza kusenza yekha, ndipo pa Machitidwe 6 atumwi anasankhitsa amuna 7 oyang'anira zogawa chakudya kuti iwo asasiye mawu. Pa 1 Timoteo 3:4-5 ndi ndime 12, kuyendetsa bwino nyumba ndi chimodzi mwa zoyenereza mtsogoleri, ndiye dandaulo la kunyumba lija musalione ngati chiyeso cha Satana. Khalani ndi udindo umodzi waukulu, ndi kantchito kena kakang'ono ngati mpata ulipo. Enawo muwatule bwino: kalata kwa mlembi, mwezi umodzi kapena iwiri ya chidziwitso, dzina la munthu amene mungamuphunzitse, ndi mabuku operekedwa pamaso pa mboni. Kungosiya kubwera kumisonkhano dzina lili pa mndandanda kumapweteka mpingo kuposa kukana, chifukwa malo amaoneka odzaza pomwe ntchito yaima. Kumbukiraninso kuti nthawi siilowa m'malo mwa ndalama kotheratu, bilu ya magetsi salipira ndi kusesa, ngakhale luso loperekedwa ulere limapulumutsadi ndalama zambiri.

Pa atatuwo, ife tikanati musunge ya zachuma. 1 Petro 4:10 akuti aliyense atumikire ndi mphatso imene analandira, ndipo munthu wodziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu ndi wosowa m'makomiti ambiri.

Zoyenera kuyang'ana mu komiti ya zachuma

Anthu amatopa kupereka akapanda kuona kumene ndalama zikupita, ndipo Malemba salola kuti nkhani ya ndalama iziyendera chikhulupiriro chokha. Pa 2 Mafumu 12:9-10 wansembe Yehoyada anaboola chivundikiro cha bokosi n'kuliika pambali pa guwa, ndipo likadzaza ankawerenga awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe. Pa Ezara 8 siliva ndi golide anayesedwa pa sikelo ponyamuka, anayesedwanso pofika ku Yerusalemu, kulemera kwake n'kulembedwa. Nehemiya anaika osunga chuma anayi. Paulo, mtumwi wathunthu, anatumiza Tito ndi abale ena awiri, mmodzi wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunena pa za mphatsoyo, ndipo pa 2 Akorinto 8:21 akuti afuna kuchita zabwino pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu pomwe.

Chopereka chiziwerengedwa tsiku lomwelo, m'chipinda chotseka, ndi anthu osachepera awiri omwe si pachibale, ndipo azisinthana sabata ndi sabata. Envulopu iliyonse itsegulidwe onse akuona, zomwe zalembedwa kunja zifanane ndi zomwe zili mkati. Zikasiyana, alembe pa envulopupo n'kusaina. Pepala lowerengera lionetse ndalama za mtundu uliwonse padera ndi thumba lililonse padera, lisainidwe ndi onse, likhale ndi makope awiri, imodzi kwa msungichuma, ina kwa mlembi. Ndalama zonse zipite kubanki tsiku lotsatira la ntchito. Apa ndi pomwe mipingo yambiri imagwera: wina amatapa m'mbale kulipira mlaliki wa tsikulo kapena kugula kanthu ndalama zisanalembedwe, ndipo kuyambira pamenepo palibe angadziwe kuti zinalowa zingati. Zogula zing'onozing'ono zikhale ndi kathumba kake ka muyeso wokhazikika, kodzazidwanso pokhapokha malisiti aonetsedwa.

Kubanki kukhale osainira atatu, awiri azisaina nthawi iliyonse, ndipo cheke chopanda kanthu chisasainidwe ngakhale wina ali pa ulendo. Wolemba mabuku asakhale yemweyo wofananitsa mabukuwo ndi sitetimenti ya kubanki. Ameneyo akhale wina, mwezi uliwonse. Ndalama za zomangamanga ndi za zomangamanga. Zikabwerekedwa pa vuto lenileni, komiti ivomereze, zilembedwe m'maminitsi pamodzi ndi tsiku lobweza. Malipiro a abusa, omwe 1 Akorinto 9:14 ndi Agalatiya 6:6 akuti ndi oyenera, akhale okhazikika, ofika pa nthawi yake, ndipo pokambirana za iwo eni ake atuluke. Bajeti imangidwe pa ndalama zomwe zinalowadi chaka chatha, osati pa malonjezo, ndipo ndi nzeru kusunga pang'onopang'ono zokwanira kuyendetsa mpingo miyezi itatu. Mpingo uzimva lipoti pafupipafupi, ndipo kamodzi pa chaka mabuku aonedwe ndi munthu wodziwa amene sali mu komiti. Zomwe munthu aliyense wapereka ndi chinsinsi cha owerengera. Kuwerenga mayina ndi ndalama zawo pa guwa kumabala zomwe Yakobo 2:1-4 akuletsa, wolemera kutsogolo, wosauka kumbuyo.

Kusowa kwa ndalama za mpingo kawirikawiri sikuyamba ndi mtima wakuba. Msungichuma wabwinobwino ali ndi ndalama za mpingo kunyumba, mwana wadwala usiku, akuti ndibwereke ndibweza malipiro akabwera. Palibe waona, mwezi wotsatira akubwerekanso, ndipo pakutha chaka dzenje lakula moti akuyamba kusintha manambala. Malamulo tatchulawa amateteza munthu wotereyu kwa iye mwini, komanso amateteza wosalakwa ku mphekesera. Zizindikiro zake ndi lipoti lochedwa mwezi ndi mwezi, malisiti olonjezedwa osafika, munthu wokana kupumula kapena kuthandizidwa, ndi kupsa mtima pa funso wamba.

Pa msonkhano wanu wotsatira pemphani zinthu zitatu: sitetimenti ya kubanki ya mwezi watha, mapepala owerengera chopereka a masabata anayi a mwezi womwewo, ndi maminitsi omwe bajeti inavomerezedwa. Phatikizani mapepala anayiwo muone ngati akufanana ndi zomwe zinalowa kubanki, tsiku ndi tsiku. Ngati chimodzi mwa zitatuzi palibe, musaloze munthu chala. Pemphani kuti komiti igwirizane zoyamba kuchisunga, mutchule amene achite ndi tsiku loyambira, ndipo muonetsetse kuti mlembi walemba zimenezo m'maminitsi musanatseke ndi pemphero.